Mlonda wa pachipata cha selo: kodi tilole akatswiri amusinthe?

M'mwezi wa Febuluwale, nyemba zikayamba kuyanga pakati pa chimanga m'mapiri a ku Kalira m'boma la Ntchisi kapena ku Nachisaka m'boma la Dowa, pamakhala mapando ena amene mayi wothyola khwanya amangowadumpha. Masamba ake amakhala amawangamawanga, pena obiriwira kwambiri pena otumbuluka, okhwinyata ndi opindikira pansi m'mphepete. Mbewuyo imapinimbira, ndipo ikabereka ndi timakoko tiwiri titatu tanjere zonyala. Eni munda ena amati nthaka yaguga, ena amati mvula yanyanya. Zonsezo zimachitikadi, koma kawirikawiri masamba otere ndi ntchito ya vairasi amene akatswiri amamutcha bean common mosaic virus. Amafalitsidwa ndi nsabwe za mbewu, ndipo choopsa chake n'chakuti amabisalanso m'kati mwa njere, kotero kuti mayi akasunga mbewu yake mumtsuko ndi phulusa, amasungira kumodzi ndi matenda a chaka chamawa. Kupopera mankhwala sikuthandiza kwenikweni, chifukwa nsabwe imasiya vairasi m'tsamba pongolilawa, mphindi imodzi isanakwane, mankhwala asanaigwire. Vairasi ameneyu ali ndi abale ake ambiri. Wina ndiye amafooketsa mbatatesi chaka ndi chaka mpaka mbewu kutheratu mphamvu, ndipo yemweyo amagwiranso fodya wonga amene amadzaza zigafa za ku Mponela ndi ku Madisi. Wina amawoletsa chinangwa m'mbali mwa nyanja, kungotsika phiri kuchokera ku Ntchisi kulowa ku Nkhotakota.

Mavairasi a banja limeneli ali ndi chofooka chimodzi. Sangathe kuswana popanda kugwirana chanza ndi puloteni inayake ya mbewu yomwe alowamo, puloteni imene imayambitsa ntchito yopanga mapuloteni ena onse m'selo. Lero akatswiri ali ndi luso lotha kusintha puloteni imeneyi pang'ono chabe kuti vairasi asaigwirenso, ndipo mtsutso wagona pamenepo. Ena akuti Malawi alowe mu ntchitoyi msanga. Ena akuti kuseweretsa chibadwa cha mbewu n'kuputa mavu pachisa, ndipo mlimi wa ku Malomo ali ndi mavuto ena akuluakulu oposa amenewa. Ine ndili kumbali yakuti tilowemo, koma osati pa mbewu iliyonse ndiponso osati m'njira iliyonse. Munthu sangaweruze mlanduwu asanamve zimene zimachitika m'kati mwa selo, choncho tiyambire kumeneko.

Selo la nyemba, la mbuzi, la bowa ndi la munthu lili ndi phata m'kati mwake momwe mumasungidwa DNA, malangizo onse a kapangidwe ka chamoyocho. DNA ili ngati buku la kaundula wa amfumu limene silituluka m'nyumba. Pakafunika puloteni inayake, selo limakopera kachigawo koyenera n'kulemba kalata, ndipo kalatayo ndiyo imatchedwa mRNA. Kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo a puloteni imodzi amakatcha jini, liwu limene limasokoneza anthu chifukwa limamveka ngati majini a kwa sing'anga, chonsecho palibe ubale. Kalatayo imatuluka m'phata n'kupita kwa amisiri otchedwa maraibosomu, tinthu tating'onoting'ono timene George Palade anatifotokoza mu 1955. Raibosomu imawerenga kalata zilembo zitatuzitatu, ndipo zilembo zitatu zilizonse zimaiuza kuti itenge njerwa iti mwa njerwa za mitundu 20 zotchedwa ma amino acid. Njerwazo zikalumikizana mu mndandanda wake, puloteni yabadwa. Puloteni ya m'nyemba imene imakuza mwana, komanso mapuloteni amene amagaya nsima m'mimba mwake, zonse zimapangidwa chonchi. Raibosomu ya zamoyo za maselo okhala ndi phata ili ndi zibenthu ziwiri, chaching'ono chotchedwa 40S ndi chachikulu chotchedwa 60S, ndipo zibenthuzi zimakumana pa kalata pokhapokha ntchito ikamayamba.

Chiyambicho ndiye povuta, ndipo ndi pamene selo limayikapo alonda ambiri, mapuloteni opitirira 10 ongoyang'anira gawo limeneli. Kalata iliyonse yochokera m'phata imakhala ndi chizindikiro kumutu kwake, chimene akatswiri anachitulukira mu 1975 n'kuchitcha cap. Tingachiyerekeze ndi chidindo cha amfumu: kalata yopanda chidindo ku ofesi saiwerenga. Mlonda woona chidindocho ndi puloteni yotchedwa eIF4E, imene Nahum Sonenberg anaipeza mu 1978. Mlondayu akagwira chidindo amakolowekana ndi puloteni yayitali yotchedwa eIF4G, imene imakhala ngati nkhoswe yolumikiza kalata ndi msiri, pamene ina yotchedwa eIF4A imawongola malo onse amene kalata yapotana. Apo chibenthu cha 40S chimafika chitanyamula kale njerwa yoyamba, yomwe nthawi zonse imakhala methionine, n'kutera kumutu kwa kalata. Kenaka chimayenda pang'onopang'ono, kusanthula chilembo ndi chilembo, mpaka chitapeza zilembo zitatu AUG. Marilyn Kozak ndi amene anafotokoza kayendedwe kameneka mu 1978, ndipo pambuyo pake anaonetsa kuti zilembo zoyandikana ndi AUG zimathandiza raibosomu kudziwa ngati ayimadi pamalo oyenera. AUG ali ngati kalozera m'munda wa paphiri: akakhota kalozera, mizere yonse yotsatira imakhota. Raibosomu ikayamba kuwerenga patsogolo kapena pambuyo ndi chilembo chimodzi chokha, zitatuzitatu zonse zotsatira zimasokonekera ndipo chotuluka ndi chinthu chopanda ntchito. AUG akapezeka, alonda ambiri amachoka, chibenthu cha 60S chimadzavundikira, raibosomu yathunthu ya 80S yakwana, ndipo njerwa zimayamba kulumikizidwa.

Vairasi alibe maraibosomu akeake. Iye ndi kalata chabe yokulungidwa m'chikopa cha puloteni, ndipo kuti aswane ayenera kunyenga amisiri a mwini nyumba kuti amuwerenge. Aliyense ali ndi chinyengo chake. Vairasi wa poliyo, amene anatidzidzimutsa mu 2022 atapezeka mwa mwana ku Lilongwe, amadula eIF4G pakati kuti makalata a munthu asawerengedwe, pamene kalata yake imalowera pakhomo lam'mbali losafuna chidindo, monga momwe zinadziwikira mu 1988. Mavairasi a nyemba, mbatatesi ndi chinangwa amene tikukamba pano amachita mwina. Kumutu kwa kalata yawo kulibe chidindo chenicheni, koma kuli kapuloteni kawokawo kotchedwa VPg kamene kamakwanira bwinobwino m'dzanja la mlonda eIF4E. Ndi chidindo chabodza chosemedwa mwaluso. Mlonda akachilandira, mbewu imayamba kugwirira ntchito mdani wake, ndipo zotsatira zake ndi masamba okhwinyata aja.

Umboni waukulu wa mbali yovomereza sunachokere mu labotale koma m'minda. Alimi ndi obereketsa mbewu ankadziwa kalekale kuti mitundu ina ya tsabola sigwidwa ndi mavairasi amenewa, koma sankadziwa chifukwa chake. Mu 2002 akatswiri a ku France anapeza kuti tsabola woteroyo ali ndi eIF4E wosiyana ndi mnzake pa njerwa zingapo chabe. Dzanja la mlonda linasintha pang'ono: chidindo chenicheni amachigwirabe, koma chabodza chimaterereka. Mu 2010 zinadziwika kuti jini ya nyemba yotchedwa bc-3, imene obereketsa nyemba akhala akuidalira kwa zaka zambiri, ndi eIF4E yemweyo. Ngakhale fodya wopirira ku vairasi wa mbatatesi anapezeka kuti anataya mmodzi mwa alonda amenewa. Choncho anthu akhala akudya tsabola ndi nyemba za mlonda wosinthika kwa mibadwo popanda vuto lililonse. Chatsopano n'chakuti kuyambira mu 2012, pamene Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anaonetsa kagwiritsidwe ntchito ka luso la CRISPR, munthu angathe kupita pa jini yeniyeniyo n'kusintha zilembo zochepa, osadikira kuti mwayi uchite zimenezo. Mu 2016 akatswiri a ku Israel anachita izi pa nkhaka ndipo zinapirira ku mavairasi angapo. Mu 2019 ena a ku America anasintha abale awiri a eIF4E m'chinangwa, ndipo matenda owoletsa aja anachedwa kuonekera ndi kuchepa mphamvu. Mbewu yotere, ikayeretsedwa bwino, sikhala ndi jini yachilendo yochokera ku chamoyo china. Ovomereza akufunsa kuti: ngati chilengedwe chinachita kale zimenezi m'tsabola, tikuopa chiyani kuzichita mwadala m'mbatatesi ya ku Ntchisi?

Okana ali ndi mayankho, ndipo si anthu osadziwa. Mfundo yawo yoyamba ndi yakuti vairasi sagona. Amaswana mamiliyoni m'tsamba limodzi ndipo amalakwitsa kukopera kalata yake pafupipafupi, kotero kuti tsiku lina pamabadwa wina wa VPg yosiyana imene ikukwaniranso m'dzanja latsopano lija, kapena imene ikutha kugwira mlonda wina wapachibale. Izi zinachitika kale: pali mitundu ya vairasi wa mbatatesi imene inagonjetsa fodya wopirira uja, ndipo pali ya nyemba imene inapezeka ikudutsa bc-3. Chinangwa cha mu 2019 nachonso sichinachire kotheratu. Mfundoyi ndi yoona, ndipo amene amalonjeza alimi mbewu yosadwalanso mpaka kalekale akunama. Koma kodi ikutsutsa chiyani kwenikweni? Mbewu yopirira iliyonse, yobereketsedwa mwachizolowezi kapena mwatsopano, imatha kugonjetsedwa, monga momwe malungo anagonjetsera kulolokwini, ndipo palibe ananena kuti tileke kufuna mankhwala ena. Tsabola wa eIF4E wosinthika wakhala akulimidwa kwa zaka makumi angapo akuthandizabe. Phunziro lake n'lakuti mlonda mmodzi asamasiyidwe yekha. Obereketsa nyemba analiphunzira mowawa. Jini ina yotchedwa I imateteza nyemba ku vairasi wamba, koma ikakumana ndi mbale wa vairasiyo wotchedwa bean common mosaic necrosis virus, amene ndi wofala muno mu Africa, mbewu yonse imada mitsempha n'kufa. Kuti zimenezi zisachitike amaphatikiza I ndi bc-3 mu mbewu imodzi. Vairasi wosintha msanga ndi chifukwa chokhalira ndi akatswiri athu amene angasinthenso msanga.

Mfundo yachiwiri ndi yozama kuposa yoyamba. Okana amati eIF4E si chokongoletsera ayi, ndi mlonda amene selo limamudalira pa puloteni iliyonse, ndipo ndi pachipata pomwepo pamene mbewu imachepetsera kapena kuwonjezera ntchito ikakumana ndi chilala kapena kutentha. Ukamulakwitsa wapha mbewu. Umboni ali nawo: zomera zili ndi alonda amenewa angapo apachibale, ndipo pamene akatswiri anayesa kuchotsa awiri nthawi imodzi, zomera zina zinapinimbira, zina sizinakhale n'komwe ndi moyo. Mbewu imene ikuoneka bwino m'nyumba yagalasi ku America ingathe kugonja pa ng'amba ya Januwale ku Chisepo. Apa okana ndimawapatsa theka la mlandu. Kuchotseratu mlonda ndi njira yachidule imene ili ndi mtengo wake. Njira yabwino ndi yotsanzira tsabola ndi nyemba za bc-3, kusintha njerwa ziwiri zitatu za m'dzanja la mlonda n'kumusiya akugwirabe ntchito yake. Ndipo mbewu iliyonse yotere iyenera kuyesedwa zaka zingapo m'nthaka yathu, ku Chitedze, ku Bembeke ndi m'minda ya alimi m'mapiri momwemo, isanapatsidwe dzina. Koma zimenezi ndi malamulo a kagwiridwe ka ntchito, si chifukwa choletsera ntchitoyo.

Pali mfundo yachitatu imene imamveka kwambiri m'midzi kuposa m'makalasi, ndipo ndi imene imandikhudza mtima: mbewuyo idzakhala ya yani? Mayi wa ku Chikwatula akatsanulira nyemba zake m'lichero, mumaoneka nanyati, zofiira, zoyera, zakuda ndi zamawanga zonse pamodzi. Si kusasamala kumeneko. Akatswiri a ku Bunda ndi anzawo a ku Michigan anafufuza zosakaniza zoterezi m'zaka za m'ma 1980 n'kuona kuti ndi chuma chachikulu, chifukwa zina zimacha msanga nthawi ya njala, zina zimapirira mvula yambiri, zina zimapsa msanga osamaliza nkhuni, zina zimakoma khwanya. Mbewuzi amapatsana pachibale, mwana wamkazi amatenga kwa amayi ake. Okana amaopa kuti mbewu ya mu labotale idzabwera m'paketi ya kampani, yamtundu umodzi, yogula chaka ndi chaka, n'kukankhira kunja zam'lichero zija. Amaloza thonje losinthidwa chibadwa la Bt, limene mbewu yake ndi ya haibulidi yogula chaka chilichonse pamtengo wokwera. Amakumbukiranso njala ya 2002, pamene chimanga cha thandizo chosinthidwa chibadwa chinafika, boma n'kulamula kuti chiyambe chagayidwa chisanagawidwe kuti anthu asabzale, pamene Zambia anachikaniratu. Ndi chaka chomwecho pamene Malawi anakhazikitsa lamulo loyang'anira zamoyo zosinthidwa chibadwa. Manthawa ali ndi maziko, ndipo wowanyoza sanakhalepo wopanda mbewu mvula yoyamba itagwa.

Komabe taonani kumene mfundoyi ikutifikitsa tikaitsatira mpaka kumapeto. Nyemba zimadzibereketsa zokha, ndipo mbatatesi ndi chinangwa zimabzalidwa kuchokera ku mbatatesi zomwezo ndi mitengo ya chinangwa chomwecho. Mbewu zoterezi zikakhala ndi mlonda wosinthika, mlimi akhoza kusunga ndi kugawira anzake, kupirira kuja osatayika. N'chifukwa chake makampani akuluakulu sazithamangira ngati momwe amathamangira chimanga cha haibulidi: mulibe phindu lobwerezabwereza. Ngati ntchitoyi idzachitike pa mbewu za anthu wamba, adzaichita ndi mabungwe a boma ndi masukulu aukachenjede. Ku Brazil, bungwe la boma la Embrapa ndi limene linatulutsa nyemba yopirira ku vairasi wina imene inavomerezedwa mu 2011. Tikakana kuti a ku Chitedze ndi a ku Bunda aphunzire lusoli, sindiye kuti taletsa mbewu zosinthidwa kulowa m'dziko. Tangotsimikiza kuti zikadzalowa zidzakhala za ena, zopangidwira nthaka ya ena, ndipo sipadzakhala Mmalawi wotha kuzifufuza n'kunena ngati zili bwino. Ndiponso ubwino weniweni wa kusintha zilembo zochepa n'ngwakuti mbewu yonse yotsala imakhala momwe inalili. Mbatatesi imene amalonda a pamsewu wa ku Mponela amaikonda chifukwa cha tchipisi chake ingathe kukhala yomweyo, kukoma komweko, khungu lomwelo, kungoti vairasi sakuifooketsanso. Luso limeneli lingathe kuteteza mitundu ya alimi m'malo moichotsa, malingana ndi amene waligwira.

Ena amati zonsezi n'zapamwamba, mlimi wa ku Bowe akulira feteleza, msewu ndi mtengo wabwino wa soya, osati eIF4E. Zoona, akulira zimenezo. Koma feteleza wothiridwa pa mbatatesi yodwala ndi ndalama yotayidwa, chifukwa mbewu imene maraibosomu ake akugwirira ntchito vairasi singasandutse chakudyacho kukhala zokolola. Wosauka ndi amene amapwetekedwa kwambiri ndi matenda a m'mbewu, popeza ndi iye amene amabzala zosunga chaka ndi chaka.

Pali pamene ndimasiyana ndi ovomereza anzanga otengeka. Pa nyemba, sindikuona chifukwa chothamangira ku CRISPR lero. Mlonda wosinthika alipo kale m'nyemba zachilengedwe, ndipo akhoza kulowetsedwa mu napilira, kholophethe kapena nanyati pokwatitsa mbewu mwachizolowezi. Ntchitoyo imatenga nyengo zingapo chifukwa bc-3 imagwira ntchito pokhapokha mbewu yalandira jiniyo kuchokera kwa makolo onse awiri, ndipo pamafunika kubwereza kukwatitsa kuti khungu ndi kakomedwe ka nyemba yakwathu zibwerere. Koma kuyeza DNA ya timbande kumafupikitsa ulendowo, ndipo palibe lamulo kapena msika umene ungaikane. Kuwonjezera apo, nyemba ndi imodzi mwa mbewu zovuta kwambiri kuzimeretsa kuchokera ku maselo a mu labotale, choncho njira yatsopanoyo si yachidule monga imamvekera. Mbatatesi ndi chinangwa ndi nkhani ina. Mbatatesi ili ndi makope 4 a jini iliyonse, ndipo ukaikwatitsa ana ake amatuluka osiyanasiyana, mtundu wokondedwa uja osabwereranso. Chinangwa chimachedwa kuchita maluwa ndipo mitundu ina simachita n'komwe bwino. Pa mbewu ziwirizi kukonza jini mwachindunji ndi njira imene ili ndi nzeru, ndipo ndi pamene ndalama zochepa zimene tili nazo ziyenera kupita.

Mu 2022 Malawi anatulutsa ndondomeko yoyendetsera ntchito yokonza majini, kukhala limodzi mwa mayiko oyambirira mu Africa kutero pambuyo pa Nigeria ndi Kenya. Pepala lilipo, chotsala ndi anthu, zipangizo ndi chilungamo. Aphungu a ku Dowa ndi ku Ntchisi afunse m'nyumba ya malamulo kuti ndi ndalama zingati zikupita ku kafukufuku wa mbatatesi, chinangwa ndi nyemba, ndipo aumirire kuti mbewu iliyonse yotuluka m'manja mwa boma ikhale yoti mlimi asunge ndi kugawana popanda womuimba mlandu. Akatswiri apite okha kwa mafumu ndi m'makalabu a alimi kukafotokoza m'Chichewa chimene asintha ndi chimene sanasinthe, mbewu isanafike, osati itafika kale. Mitundu ya nyemba ya m'malichero a amayi isonkhanitsidwe ndi kusungidwa ku nkhokwe ya mbewu ya ku Chitedze pamodzi ndi maina a midzi yake.

Inu amene muli ndi munda chaka chino, musadikire zonsezi. Phando la nyemba la masamba okhwinyata lizuleni likadali laling'ono nsabwe zisanafalitse matendawo, ndipo mbewu ya chaka chamawa muitenge pa mapando athanzi okhaokha.